Afunsa njira kwa womata matayala

Adafika atavala majuzi,
Ogasiti ali kumapeto, mwera utayamba kutopa,
mitengo ya mango itachita maluwa mpaka ntchentche kuledzera.
Tayala lakumbuyo lidawakhalitsa pansi pafupi ndi shedi yanga,
pano pa Mangochi boma:
msomali wa mainchesi atatu, wochokera padenga la munthu wina.

"Tachokera ku Dedza," adatero bambo Kadzakumanja,
ngati kuti milomo yawo yong'aluka ija idali isananene kale.
"Miyezi itatu tikugona ndi masokosi.
Tikufuna mchenga wootcha mapazi. Tilowere kuti?"

Ndisanayankhe, mayi adatsitsa galasi.
Iwo adamva za ku Chembe,
akuti madzi ake ukaponyamo khobidi umaliona pansi.
Mnyamata wamkulu, chala pafoni,
adati kumeneko n'kutali, mafuta satifikitsa,
bwanji pa Namiasi pompa, tidye chambo, tibwerere.
Kamtsikana, Ndaziona, sikadaponye voti.
Kadali katavula kale nsapato,
kakupondaponda fumbi langa lofunda
ngati kafika.

Ine ndidamiza chubu m'beseni.
Thovu silizungulira: pamene laphulikira, bowo lili pomwepo.

Ndidati: ku Chembe n'kokongola, sindikana,
koma mukapatuka pamsewu wa Monkey Bay
zitunda zija zimafunsa galimoto zaka zake,
ndipo yanuyi ndaimva ikutsokomola ili patali.
Ku Malindi muwoloka Shire pamlatho,
mchenga ulipo, phokoso kulibe,
mungagone masana onse osamva wailesi ya munthu.
Ku Makawa mupeza usipa uli pathandala,
fungo lake limakwera nanu galimoto
n'kukatsikira kwanu.
Kwina kuli mipanda, maambulera, mlonda wa chipewa,
dzuwa lomweli, koma lolipira pachipata.

Bambo adawerenga ndalama m'thumba osazitulutsa.
Mayi adavula juzi, n'kuipinda pamwendo,
adandiyang'ana manja akuda ndi guluu, nati:
"Nanga inuyo, Che Ajilu, mumakasambira kuti?"

Pampu idandithandiza, idachita phokoso m'malo mwanga.

Zaka zisanu ndi zinayi ndikulozera anthu nyanja ndi sipanala.
A ku Lilongwe, a ku Mzuzu, azungu ofiira makosi,
akwati ndi maluwa ofota pagalasi,
onse ndawatumiza kumadzi,
ena amaima pobwerera kundionetsa mchenga m'nsapato.
Ine ndidapitako komaliza Asiyatu wanga ali kumsana kwa amake,
adalira atakhudza funde ndi chala chakuphazi,
tidamuseka mpaka misozi.
Lero ali pabanja ku Namwera, naye ali ndi wakumsana.
Madzi amene ndimawadziwa kuya kwake
ndi a m'beseni ili.

"Kulikonse," ndidatero. "Mwezi uno kulikonse n'kofunda."

Ndidamanga manati, ndidatsitsa jeke.
Adalipira osanenerera, chizindikiro cha anthu othawa chisanu.
Galimoto idanyamuka mkangano ukadali moto,
Chembe, Namiasi, Chembe,
kadzanja kakang'ono kakugwira mphepo pawindo.
Sindidaone kumene adakhotera,
lole ya simenti idanditchinga.

Pabenchi adaiwala kajuzi kofiira,
kali ndi fungo la utsi wa mbaula.
Ndakakoloweka pamsomali womwe uja,
mwina adzadutsa Lamlungu, atapsa mphuno.

Lachisanu titatuluka mumzikiti
sindidatsegule shedi.
Kuseri kwa nyumba kuli njinga yanga,
tayala lake lidaphwa mvula isanathe,
ndakhala ndikuti mawa, mawa.
Ndidaigoneka chagada,
ndidatunga madzi atsopano m'beseni.
Mayi a kunyumba adasuzumira pakhomo, ufa m'manja:
"Ya ndani imeneyo?"
Ndidati yathu.
Ndidati fufuzani chitenje chakale chija,
chimene simudandaula chikanyowa.