Kabuku ka Ngongole

Dzina lako lili pa tsamba lachisanu, Muhiwa,
pansi pa dzina la amalume ako,
pamwamba pa la mlonda wa kufakitale
amene anamwalira asanabweze.
Ndinalemba ndekha, ndi bolopeni ya mwana wanga.

Unabwera koyamba mwezi wa Juni,
chiperoni chitafunditsa phiri mpaka m'chiuno,
matumba awiri a chimanga cha kutsidya
atakupinda msana kuyambira pa Muloza.
Unaima pakhomo nthawi yaitali, njinga ikudontha.
"Nda-nda-ndatumidwa," unatero.
Tonse awiri tinadziwa kuti ndi bodza.
Wotumidwa amabwera ndi botolo.
Iwe unabwera ndi milomo yokha.

Ndisaname, zabwino zake ndinaziona.
Kapu yoyamba itatsika, chibwibwi chinakusiya
monga nkhungu isiyira tiyi dzuwa likakwera.
Unatchula dzina lako lonse osapunthwa,
unabweza chipongwe cha akabaza akuluakulu,
anaseka nawe m'malo mokuseka,
anasendera kukupatsa malo pa benchi.
Zala zako zinafunda.
Zaka khumi ndi zinayi uli padziko,
ndipo kanali koyamba anthu kudikira
kuti umalize zimene unayamba kunena.

Nanenso ndinapindula, ndibisirenji.
Ndalama zako zinagula shuga wa mgolo wotsatira,
zinalipirira mayeso Nampinga wanga,
zinagula sopo, palafini, mankhwala a miyendo.
Ndalama ilibe msinkhu.
Ya mwana ndi ya mdala
zimalira chimodzimodzi zikagwera m'mbale.

Koma amayi ako ndimawadziwa.
Tinathyola tiyi mzere umodzi zaka zisanu ndi ziwiri,
dengu kumsana, mvula m'khosi,
kapitawo akutidula makilo pa sikelo.
Uli khanda ndinakunyamulapo pansi pa bulugama
iwo akuthamangira kukayezetsa masamba.
Unandikodzera chitenje chatsopano.
Tsiku lija ndinakumana nawo pamsika wa Limbuli
akusankha bonya wa mtengo wotsika.
Anandifunsa za miyendo yanga yotupa.
Ndinawafunsa za denga lawo lodontha.
Za iwe palibe anayambitsa.

Tsopano umafika dzuwa lisanafike pamutu.
Yunifomu kale unkaibisa m'chikwama,
pano ndinaiona itavalidwa ndi mwana wina.
Chibwibwi chinabwerera, ndipo chinabwera ndi mnzake:
manja amanjenjemera pogwira kapu.
Imodzi siikwananso kumasula lilime,
zitatu zimalimanga kuposa kale.
Njinga ya eni ake unaigwetsera m'ngalande ya esiteti,
dzino lakutsogolo linatsala komweko,
ndipo akabaza aja, anzako a pa benchi,
amayesezera kayankhulidwe kako
ukangozungulira kuseri kukataya madzi.
Ndimawamva. Ndimawathirira wina.

Dzulo ndinakukaniza.
Ndinati watha,
mgolo uli pamoto, paipi ikudontha pamaso pako.
Sunatsutse. Unayang'ana paipi, unayang'ana ine,
unayesa kunena kanthu, mawu anakakamira pakhosi.
Kenako unawoloka msewu
kupita kwa a Khoviwa, amene amathira m'mgolo mwawo
zimene ine sindingapatse ngakhale galu.
Ndinatsala chiimire, kapu m'manja,
osadziwa ngati ndakupulumutsa
kapena ndangosamba m'manja.

Usiku Nampinga akuwerenga pa koloboyi
anati, "Amayi, bolopeni yanga ili kuti?"
Muli kalasi imodzi, kapena ndinene kuti munali.
Sanandifunsepo chifukwa chake desiki yako ili yokha.
Mwina akudziwa. Ana amawerenga
ngakhale zimene sitinalembe.

Bolopeni ndinaipeza m'kabuku, pa tsamba lachisanu.
Zikwi zinayi ndi mazana atatu.
Ndinafuna kukhwatcha mzere wonsewo,
dzanja linaima m'malere.
Wokhwatcha ndi amene akukhululuka,
ndipo ine mpaka tambala woyamba kulira
sindinadziwe kuti pakati pa iwe ndi ine
wangongole ndi ndani.