Nyumba Yodzandira

Inafika pagalaja pathu ku Ndirande
ikudzandira ngati yochokera kumowa,
nyumba yathunthu pamatayala,
bedi, sitovu, ngakhale chimbudzi.
A Likoswe anati, "Pa Kameza paja
makapu anatsika okha m'kabati.
Akunyumba akuti sakweranso."

Ndinalowa kunsi chagada.
Masipuling'i atagona ndi kutopa,
mashoko akulira mafuta,
mabushi atang'aluka ngati zidendene m'chilimwe.
Masiku atatu, jeke ndi sipanala,
girizi mpaka m'makutu.
Chitsulo chopingasa ndinakachipeza ku Limbe,
mtengo wake musafunse.

Loweruka tinalunjika ku Chileka.
Mayi Likoswe kumbuyo, duu,
kapu ya tiyi patebulo.
Pokhota pa Kameza ndinawasuzumira pagalasi.
Tiyi sanatayike.
Anangomwa,
n'kufunsa ngati ku Mulanje n'kutali.