Kalata ya a Devane

Lachiwiri ndi tsiku lometa ndevu.
Thovu linali likadali m'masaya mwa a Devane
pamene kalata inafika ku Kensington,
envulopu yokhala ndi chidindo cha zeze,
yochokera kwawo ku Ireland,
kumene anachoka ine ndisanabadwe.

Maso awo anachita khungu chaka chatha, wowerenga ndine.
Mbali ina Chingerezi,
chimene ndimayendamo monga ndiyendera mu Noord Street,
mothamanga, chikwama ndili nacho pamimba.
Mbali inayo zilembo zomwezi, koma zoyalidwa mwina,
zina zitasenza timitengo pamutu.

"Yamba ndi mbali yovutayo," anatero.
Ndinayamba: A chara.
Ndinaseka mpaka lezala kugwera m'beseni.
Boma lanu limakutchani chala?
Chiti, chamanthu kapena chamkombaphala?

"Bwenzi," anatero. "Akuti bwenzi.
Kwathu anaika lamulo loti maofesi
azisunga chilankhulo cha makolo,
ngakhale ambirife chinatipulumuka."
Iwo anatsala ndi mawu ochepa:
la chitseko, la mvula,
ndi opemphera kupita kuchimbudzi ali sitandade wani.
Komabe anandiuza ndiwerenge yonse.
Ndinapunthwa mzere uliwonse,
lilime likukana ngati bulu pamlatho,
iwo ali tcheru, thovu likuuma,
ngati munthu womva galimoto ya kwawo ikudutsa kuseri kwa mpanda.

Lachinayi ndinali pamzere kuchipatala ku Jeppe.
Pakhoma panali chikwangwani cholonjera m'zinenero zambiri.
Ndinaziwerenga ndi chala, kuchoka pamwamba mpaka pansi,
kenako kubwerera. Chathu panalibe.
Sindinadandaule, Joni ndi wa eni ake.
Namwino anafunsa pamene pakupweteka.
Ndinafuna kunena kuti m'mimba mukupota,
kupota kwenikweni, kwa chingwe cha khonje,
koma ndinangoloza.
Pakhadi analemba Mbewa.
Ndine Mbeŵe, mayi, w wake amavala chipewa.
Anati makina awo alibe zipewa.

Zimenezo nzapaulendo, zimapola.
Chimene chinandisowetsa tulo ndi china:
mayi anga ku Ntcheu, chaka cha mlandu wa dimba,
ataima pakauntala, chitenje chatsopano,
kalaliki wa mudzi woyandikana nawo,
amene anayamwa mawu omwewo,
akuwawerengera pepala m'Chingerezi
n'kuwamasulira theka.
Anawagwira dzanja, kuviika mu inki,
kudinda.
Anabwera kunyumba chala chili bii,
osadziwa kuti chavomera chiyani.

Ndiye a Devane, musandiseke ndikati chala.
Ife ndi pomwepo pamene boma limatidziwira:
pa chisankho, pa chiphaso, pa ngongole ya feteleza.
Pakamwa limatisiyira tokha.

Kalata ija, pomaliza, inalibe nkhani yaikulu.
A penshoni amafuna umboni woti akadali moyo.
Anafunsa kawiri, m'zinenero ziwiri,
ndipo a Devane anati asayina mbali imene sakuimva.
Dzanja lawo limanjenjemera,
ndinaligwira monga kalaliki uja,
koma ndinayamba ndawauza mzere uliwonse.
Analemba dzina limene sindinalimvepo,
lalitali, la ubwana wawo,
nandifunsa ngati kamtengo kakhala pamalo pake.
Ndinati kapendekeka. Anati n'momwe kamakhalira.

Madzulo mu tekisi ya ku Rosettenville
ndinapereka ndalama kutsogolo osayankhula,
kuopa kuti kamvekedwe kangandiulule.
Kunyumba Mwandida amalemba za kusukulu.
Ndinamufunsa ngati wadya,
anandiyankha m'Chizulu, osadzutsa mutu.

Ndinatenga kope lake, pachikuto pali dzina lathu.
Bolopeni inali yofiira, yokhayo imene ndinapeza.
Ndinaveka w chipewa chake.
Iye anayang'ana, nati aphunzitsi adzati wadetsa buku.
Ndinati ukawauze abwere adzandifunse.