Fayilo Yomaliza ya Loya Kalilangwe

Anatsika sitima ya katundu Lachiwiri masana,
nthawi imene njanji inkathera pano pa Salima,
kutsogolo kuli tchire ndi akashembe basi.
Paphewa bokosi la malata lodzaza mabuku,
m'thupi jekete yakuda yosadziwana ndi dzuwa lathu.
Ine ndinali mnyamata wogulitsa mtedza pasiteshoni.
Anandifunsa ngati ndimatha kuwerenga.
Ndinanama. Anandilemba ntchito.

Ofesi inali kuseri kwa sitolo ya mmwenye,
pakati pa matumba a mchere ndi migolo ya palafini.
Chikwangwani ndinapenta ndekha,
YOTAMU KALILANGWE, LOYA,
chilembo chimodzi chinayang'ana kumbuyo.
Iye anati chisiye, wamlandu sasochera.

Woyamba kugogoda anali Abiti Twaibu wa ku Lifidzi,
amene munda wake wa mpunga unadyedwa ndi mapu.
Mzungu wa thonje anali ndi pepala ndi chidindo.
Mayiyo anali ndi mtengo wa bwemba
ndi manda a ana awiri pansi pake.
Kalilangwe anapita wapansi mpaka kumundako,
anayeza malire ndi chingwe chomangira mbuzi,
nalowa m'khoti matope akadali m'maondo.
Anapambana.
Malipiro: thumba la mpunga wa faya ndi tambala wotsimphina.

Mbiri inathamanga kuposa sitima.
Anamuika m'khonsolo ya boma,
kenako mavoti anamunyamula ulendo wa ku Zomba
atalonjeza mlatho pa Linthipe,
mtsinje umene unkameza ngolo chaka ndi chaka.
Kumeneko zolankhula zake zinayamba kutalika,
makalata obwera kuno kufupika.
Ine ndinkapukuta fumbi pampando wake,
ndikuuza anthu kuti abwerenso mwezi wamawa.

Tsiku lina m'gazeti ya boma
ndinawerenga, pakuti tsopano ndinkatha,
lamulo la malo a esiteti, maekala zikwi zitatu,
dzina lake lachinayi pa ovomereza.
Bwemba uja anali m'kati mwa mzere.

Nditamufunsa anayang'ana nsapato zake.
Sitefano, ndale ndi msika,
sugula mlatho osagulitsa kanthu.

Mlathowo unamangidwadi.
Mathirakitala okagwetsa bwemba anawolokera pomwepo.

Chisankho chotsatira bokosi lake linapepuka ngati chikho.
Anabwerera pa basi ya usiku, womuchingamira ine ndekha.
Zaka khumi ndi zinayi
tinkalemba mawilo a anthu opanda chosiya,
milandu ya njinga zobedwa, ng'ombe zodya chinangwa cha eni.
Pamlatho ankadutsa osayang'ana kumbali.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wovala yunifolomu ya unamwino,
m'manja kapepala kodyedwa ndi chiswe,
chigamulo chija, taipi yanga ndinaizindikira.
Agogo anati mukadziwa poyambira.
Mdala anakhala chete mpaka tiyi anazizira,
kenako anati, Sitefano, funa chingwe.

Tinapita. Bwemba kulibe, manda kulibe,
thonje lokha loyera mpaka kumapeto a maso.
Anayeza kuchokera pachulu chimene ankachikumbukira,
akupumira pa ine mapazi makumi awiri alionse.

Mlanduwo anauika pa Okutobala.
Iye tinamuika m'manda Ogasiti.

Fayilo ili pano patebulo, masamba makumi asanu ndi atatu,
lomaliza lathera pakati pa chiganizo:
pakuti amene anavomereza lamulolo ankadziwa kuti
Ine si loya.
Koma Lolemba ndivala jekete yake ija,
ndikaima kumene ankaima,
ndikawerenge mpaka pamene inki inalekera.