Nkhope ya m'Belo

Belo ndinalidula waya Lachiwiri m'mawa ku Limbe,
mvula itangokata, matope akumeza masilipasi.
Linapuma fungo lija la mankhwala ndi nyumba za eni,
ndipo pakati pa majuzi ndi madiresi a nkhalamba
panatuluka munthu.
Nkhope yokha, pa malaya oyera ofuwira m'khwapa,
mano onse pamtunda, nyenyezi zitamuzinga mutu,
pansi pake chaka chimene chinapita kalekale.

Dafita, mwana wa mlongo wanga, anaisuzumira.
"Azakhali, uyutu anali pulezidenti wa Amereka."
Anakanda foni yake yong'aluka galasi
nayamba kundiwerengera, ine ndikupinda mabuluku.

Akuti anayamba ngati loya m'katauni kopanda dzina.
Chisankho choyamba anagwa chagada.
Anadzuka, nasasa fumbi, nagogoda zitseko m'chisanu
agalu a eni akumuuwa,
ananyamula makanda osawadziwa maina,
anameza zakudya zosakolera mchere akumwetulira kamera,
mpando uno, mpando uwo, makwerero aatali,
mpaka tsiku lokweza dzanja
pamaso pa khamu loposa Ndirande yense.

Akuti ankadzuka faifi koloko.
Ndinaseka.
Ine faifi imandipeza pa siteji ya Bangwe, katundu pamutu,
ndikukangana ndi kondakitala.

Khofi asanazizire
ankamubweretsera pepala la zoopsa za dziko lonse:
kuno kwaphulika, uko akunong'ona.
Kumbuyo kwake kunkayenda msilikali ndi chikwama
chosunga makiyi a moto wotha kupsereza nyanja.
Changa chili m'chiuno, kunsi kwa chitenje,
muli ya chiphaso cha msika
ndi ngongole ya banki m'khonde yodikira Lachisanu.

Koma akuti zenera sankatsegula yekha.
Galimoto sankayendetsa.
Sakanaima pamsewu kugula chimanga chootcha
n'kumachiuzira m'manja ngati munthu.
Ngakhale popita kukalira maliro a mayi ake
amuna a magalasi akuda anayamba afika
kukasuzumira kuseri kwa manda.
Apo ndinasiya kupinda.

Sindidziwa ngati ndi iyeyu,
kapena amene anamusiyira mpando, kapena amene anamulanda,
koma ndinamva kuti cholembera cha m'nyumba imeneyo n'chachitali.
Chikagwedezeka kutsidya kuja
mzere wa mankhwala kuchipatala kwathu
umafupika, kapena kukhota mpaka kuseri kwa mpanda.
Mng'ono wanga Esinala amaima pamzerewo mwezi ndi mwezi.
Nkhopeyi sikumudziwa.

Analowa tsitsi lili bii, anatuluka lili mbuu.
Ndege yopalasa mphepo inamunyamula pa kapinga,
wina nalowa, nasintha makatani.
Lero akuti amaweta njuchi kumudzi kwawo
ndi kumayang'ana foni imene inasiya kulira.

Ndinamupachika pa hang'ala, pakati pa jekete ndi siketi.
Filii sauzande.
Tsiku lonse anamwetulira odutsa,
kampeni yomaliza, ya pa Limbe,
dzuwa likumuwamba, ntchentche ili pachipumi.
Palibe anavota.

Chakumadzulo kunabwera Lufeyo wa kabaza,
anamutembenuza, kumukoka khosi, kumununkhiza.
"Woimba wa kuti ameneyu?"
Ndinati, ndi munthu wamkulu, onjezerani.
Iye anati wamkuluyo wabooka paphewa.
Tinathera pa wanu eyiti.

Anamuvalira pomwepo, thukuta lisanaume,
nakweza mayi wina ndi thumba la makala,
naliza njinga kulowera msewu wa Midima.

Ndinayang'ana mpaka anakhota.
Pulezidenti ali patsogolo, pachifuwa cha mnyamata wa ku Namiyango,
wopanda omulondera, wopanda chikwama,
mphepo ikumuwomba m'mano,
akulawa fumbi lathu koyamba.

Dafita anati bando yatha.
Ndinawerenga ndalama kawiri, inaperewera ya sopo.