Mbandakucha wa M'botolo

Chipinda chathu ku Sendai chilibe zenera.
Nyali sitinazime, mlungu wachitatu uno,
kuti ndere za m'mabotolo zisokonezeke,
ziiwale kuti kunja kumada.
Sizikuiwala.
Madzi obiriwirawa akudziwa ola
kuposa ine Mizuho Horikoshi,
wa wotchi pamkono, ina pakhoma, ina m'foni.

Tizamoyoti tilibe diso, tilibe ubongo.
M'dontho limodzi muli chinamtindi,
ndipo m'kalikonse muli antchito atatu
a dzina limodzi, Kai, kutanthauza kuzungulira,
osiyana chilembo chokha.

KaiC ndi mphete ya zigawo zisanu ndi chimodzi,
mlesi wodabwitsa:
tsiku lathunthu chigawo chimangodya
timibulu ta mphamvu ngati khumi ndi tisanu.
Kukacha KaiA amamukodola kumchira,
iye n'kuyamba kusenza fosifeti,
uku kaye, kenako uko, osasemphanitsa.
Mtolo ukakwana, ndiye kuti dzuwa lapendeka.
Wosenzedwa poyamba ndiye woyamba kutulidwa,
ndipo KaiB, amene wangoti duu usana wonse,
amadzipinda mwamtundu wina,
n'kukhala pamphetepo,
n'kugwira KaiA pamkono: basi, zakwana.
Usiku wonse katundu akutsika pang'onopang'ono.
Mphete ikapepuka, wogwira amataya,
wokodola uja n'kuyambanso.

Ndinawathira atatuwo m'kachubu,
mopanda chamoyo, mopanda dzuwa,
ndi chakudya chawo chokha.
Ndinatenthetsako. Ndinaziziritsako.
Anakana kufulumira, anakana kuchedwa.
Maola makumi awiri ndi anayi, kaya kupereweza pang'ono,
kusenza, kutula, kusenza,
popanda wowauza kuti kwacha.

Maola awiri alionse ndimatapako kadontho
n'kulemba nambala pakabotolo.
Kunja chipale chofewa chikukwirira njinga yanga.

Bambo anga, a Tatsuzo,
anapanga tofu ku Shiogama zaka makumi anayi.
Sitolo tinatseka chaka chimene mayi anatisiya.
Miphika tinagulitsa, nsalu zosefera zinadyedwa ndi njenjete.
Dzina langa linawathawa chilimwe chatha;
amanditcha mtsikana wa kubanki
n'kundiweramira mwaulemu.
Sadziwa mwezi, sadziwa amene ali pachithunzi cha ukwati wawo.
Koma itangokwana fili koloko ya usiku
amadzuka, osayatsa nyali,
n'kusamba m'manja mpaka m'zigongono,
n'kuyamba kufufuza soya amene anaviika dzulo,
dzulo la zaka zisanu ndi zinayi zapitazo.

Mlongo wanga Shunpei analimbana nawo miyezi iwiri.
Anabisa wotchi. Anapachika makatani okhuthala.
Anapempha mankhwala a tulo.
Tsopano amangoviika soya wodzaza kapu madzulo
n'kumusiya pasinki,
kuti manja akafufuza apeze kanthu.

Kandere kamodzi kamatha kugawika pawiri
tsiku lisanathe,
ana ake n'kugawikanso,
koma palibe mwana woyamba kuwerenga nthawi pachiyambi.
Aliyense amatenga mphete za make
zili ndi katundu wa ola lomwelo,
n'kupitiriza pamene mayi analekezera.
Zimenezi ndinazilemba m'lipoti ndi manambala,
ndipo a pulofesa anadula ziganizo ziwiri
ati zikumveka ngati ndakatulo.

Alamu ndinatchera fili koloko
koma ndadzuka isanalire, monga dzulo, monga dzana,
tsaya lili ndi chidindo cha m'mphepete mwa tebulo.
Ndikusamba m'manja.
Madzi afika m'zigongono ndisanazindikire.

Kadontho ka makumi atatu ndi kasanu ndi kawiri.
Mphete zili pafupi kupepuka.
Ku Shiogama pampopi patseguka,
ndipo Shunpei, chigonere, akumvetsera
soya akugwera m'mbale yachitsulo.