Bere la Kumbuyo, Kumanzere

Pa Thondwe adandibwezera chigubu Lachiwiri.
Mnyamata wa pa sikelo adadonthezera timadzi m'kapu,
napukusa mutu:
mayi, wagwirana uwu.
Malita asanu ndi atatu
ndidabwerera nawo panjinga, akukhuthuka mseu wonse.

Ndidalowa m'khola kukamufunsa Ndaziona.
Iye phee, akubzikula nsenjere,
mphuno yonyowa, maso owala,
bere lofewa, losatentha, lopanda chotupa.
Ndidakamira padzanja:
woyera ngati laimu wa pakhoma la sukulu.
Nanga mlandu wako uli pati?

A Mpulula adafika mawa lake panjinga yamoto,
m'chikwama muli chipande cha timbale tinayi.
Bere lililonse kambale kake,
tsoo, tsoo,
kenako mankhwala a mtundu wa maluwa a jakaranda.
Adazunguza pang'onopang'ono.
Titatu tidakhalabe madzi.
Kachinayi kadayamba kunanda,
kutamuka ngati therere la dzulo.

Ndi ili, adatero, la kumbuyo kumanzere.
Nthenda iyi siigogoda.
Imadya mkaka kapu imodzi lero, ina sabata yamawa,
inu n'kumanamizira madeya.

Adayang'ana kansanza kanga pamtanda,
kamodzi komweko, kopukutira mawere onse chaka chathunthu.
Adayang'ana matope a ndowe pogona pake.
Sadandikalipire.
Bola akadakalipa.

Bambo a Rashidi nawonso adali choncho.
Adapalira chimanga mpaka Lachisanu,
akuseka, akuti ndi kutopa chabe.
Ku Sentolo adokotala adafunsa
chifukwa chomwe tidachedwera.
Ndidalibe chipande choyezera munthu.

Tsono ndidagwira mwendo wa Ndaziona,
a Mpulula nafinyira kachubu m'nsonga ya bere.
Masiku amene adandiwerengera
ndidakama n'kukathira m'dzenje kuseri kwa nthochi.
Fizi ya Rashidi ikulowa m'dothi ndikuona.
Abiti Lipenga adanong'ona pampanda:
ku Chinamwali kulibe woyeza,
ndani adziwe?
Ndidaima nacho chidebe nthawi yaitali.
Ndisaname, yaitali ndithu.
Kenako ndidapendeketsa.

Lero ndimasamba m'manja ndi sopo kusanache,
tinsalu tinayi towiritsa tili pachingwe,
lodwalalo ndimalikama pomaliza.
Ndikatha ndimaviika nsonga m'mankhwala,
n'kumuikira udzu kuti aime kaye,
asagone pakhomo pa bere pali potsegula.
Pansi ndathira utuchi wouma.

A Mpulula abweranso Lolemba ndi timbale tawo.
Usiku ndimamva Ndaziona akupuma kuseri kwa khoma.
Nthawi zina ndimadzuka ndi tochi,
ndimamugwira bere lija,
lofewa, losatentha,
monga lidalili tsiku lomwe lija.